Ndowa, parafini ndi mwana wokwawa

Ndimakhala ku Mufakose, m'nyumba yomwe malemu bambo anga anaipeza atabwera kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno ku Harare. Ndikulera mdzukulu wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi itatu, mayi ake ali ku Johannesburg. Chiyambireni kukwawa mwanayu, ndaona kuti zoopsa zenizeni m'nyumba muno ndi zomwe timasunga chifukwa cha kuvuta kwa madzi ndi magetsi.

Yambani ndi madzi, amayi anzanga. Mpopi ukangodontha tonse timathamanga kudzaza ndowa, mabeseni ndi migolo. Koma mwana wamng'ono amalemera kumutu. Akasuzumira m'ndowa ya malita 20 amagwera chamutu, miyendo m'mwamba, ndipo sangadzitulutse. Sakuwanso ayi, inu muli pabwalo mukuyanika zovala osamva kanthu. Madzi ofika masentimita 5 okha amatha kumupha. Wanga ndinamupeza tsiku lina ataimirira chogwira mkombero wa ndowa yomwe ndinanyikamo matewera, akuyesa kutola sopo. Miyendo inandizizira. Kuyambira pamenepo madzi ndimasunga m'zigubu za kukamwa kwakung'ono, zotseka zolimba. Ndowa ikhale yovundikira, pamwamba musanjikepo njerwa. Mukamaliza kuchapa kapena kumusambitsa, tayani madziwo pompo, ngakhale akupweteketseni mtima kuti munawatunga kutali kumjigo. Ngati pabwalo pali chitsime, lata lakale silokwanira; pafunika chivundikiro cholemera ndi loko.

Parafini musamuike m'botolo la Mazoe kapena la Coca-Cola. Mwana amalidziwa botolo limenelo, ndipo ludzu likamugwira safunsa. Parafiniyo muikeni m'chigubu china, pamwamba pa kabati, pamodzi ndi Jik ndi mankhwala a makoswe aja timagula m'misewu. Ife agogo tilinso ndi vuto lathu: mapiritsi a BP timawasiya m'kachikwama pampando. Ine ndinakhoma msomali pamwamba kuseri kwa chitseko, kachikwama kamakhala pamenepo.

Mwana akamwa parafini musamusanzitse, musamupisenso chala kukhosi, ndipo zomumwetsa mkaka zija zisiyeni. Parafini amavulaza kwambiri akalowa m'mapapo, ndipo kusanza ndiko kumamulowetsa. Nyamulani mwana ndi botololo, thamangani kukiliniki yapafupi kapena ku Gomo, chipatala chomwe tsopano chimatchedwa Sally Mugabe Central Hospital.

Kenako moto. Magetsi akazima ambirife timaiwala kuti chitofu kapena ayironi tinazisiya zoyatsa. Amadzabwera pakati pa usiku, m'mawa mwana wadzuka msanga, mbale ya chitofu ili psuu. Akangozima, zungulirani nyumba muzimitse zonse pakhoma. Chitofu cha gasi chisakhale pansi, ndipo zigwiriro za mapoto ziloze kukhoma. Ndinachotsanso nsalu ya patebulo yomwe ndinaluka ndekha, yokongola ndithu, chifukwa mwanayu ankaikoka pamodzi ndi tiyi. Kandulo ndinasiya, ndinagula nyale ya sola.

Mu June ndi July kuno kumazizira zedi, koma mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ali m'tulo, ndipo mwana ndiye amayamba kufooka.

Mwana akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka Colgate, dzira kapena mafuta ophikira, ngakhale apongozi akakamire. Matuza osawaboola, chovala chomwe chamatirira osachikoka. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala. Pa chifukwa chimenechi ine ndili ndi chigubu chimodzi cha madzi oyera chomwe sindilola aliyense kuchikhudza, ngakhale mpopi uume sabata yonse.