Kujambula Nthano ya Kalulu ndi Fisi ndi Penti Wamadzi

Konzekeranitu izi: kope lopanda mizere, pepala lokhuthala, pensulo, labala, penti wamadzi ndi burashi.

1. Mvetserani nthanoyo mpaka kumapeto, musankhepo chochitika chimodzi chokha.
2. Lawirirani kumsika wa Limbe ndi kope lanu. Mukapempha chilolezo, jambulani mwachangu momwe anthu amaimira ponenerera mtengo. Kaimidwe kameneko ndi komwe kadzapatse moyo Kalulu wochenjera ndi Fisi wadyera.
3. Samutsirani zojambulazo papepala lokhuthala, osadinikiza pensulo.
4. Kumbuyo ikani malo athu enieni, monga phiri la Ndirande kapena Soche.
5. Yambani ndi mitundu yowala, yakuda pomaliza. Ambiri amalakwitsa apa: amapaka mtundu wachiwiri pepala lisanaume, zonse n'kusanduka matope. Dikirani ndithu, makamaka kukakhala chiperoni, chifukwa penti amachedwa kuuma.