Roketi yoyamba ya mwana: musankhe bwanji?

Mwafunsa za roketi yoyenera mwana kuno ku Harare. Yambani ndi msinkhu wake. Ngati sanakwanitse zaka 10, za injini yamoto zidikire kaye. Mupangireni ya botolo la malita 2: thirani madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kupopa ndi pampu ya njinga.

Wa zaka 10 kupita m'tsogolo, inu muli pambali, mugulireni yonga Estes Alpha III, ya zipsepse zapulasitiki zoumbidwa kale. Zomata ndi guluu ana amazipendeketsa, ndiye roketi imauluka mokhota. Onani ngati m'bokosimo muli chitsulo choulukirapo ndi choyatsira cha mabatire. Injini zimagulidwa padera, ndipo saloleza kukwera nazo ndege, choncho dziwiranitu komwe muzizipeza.

Poyamba ikani injini ya A8-3. 3 ameneyo ndi masekondi odikira, injini ikazima, parachuti yotsitsira roketi isanatuluke. Injini ya B mphamvu zake n'zowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya A, musaithamangire. Musaiwale mapepala osayaka a wadding, apo ayi parachuti imasungunuka.

Imani mamita 5 kuchokera pa roketi, pabwalo losachepera mamita 30 mbali zonse, kutali ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala wouma, ndiye ulutsirani pa dothi lopanda udzu.