Loweruka la ma yen 150 ku Furukawa

Abale amene muli ku Tokyo, kaya pa sukulu kaya pa ntchito, ndikudziwa mmene Loweruka limathera: kubindikira m'kachipinda kopanikiza, kuopa kuti mukangotuluka thumba libooka. Yesani munda wa Kyu-Furukawa ku Nishigahara. Pachipata ine ndinalipira ma yen 150 basi, ndalama ya botolo limodzi la tiyi.

Kwerani sitima ya Keihin-Tohoku, mutsike pa Kami-Nakazato, muyende pansi mphindi 7. Amatsegula 9 koloko m'mawa, ndipo ikapitirira hafu pasiti 4 salowetsanso munthu. Khadi lanu la zairyu, lija losonyeza kuti ndinu ololedwa kukhala ku Japan, lisatsale kunyumba, paja lamulo limati mlendo aziyenda nalo.

Mukangolowa, maso amagwera pa chinyumba cha miyala yakuda chili pamtunda, mungayese muli ku England. Anajambula pulani yake ndi Mngelezi Josiah Conder, ndipo chinatha kumangidwa mu 1917, eni ake a banja la Furukawa lomwe linalemera ndi migodi ya kopa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pansi munali molandirira alendo mwachizungu, koma zipinda zambiri zam'mwamba, mokhala eni, anayalamo mphasa za tatami. Ndinakumbuka masofa a pabalaza kwathu, ovekedwa nsalu kudikira alendo, ife tikudyera nsima pamphasa kukhitchini. Kulowa m'nyumbamo amalipiritsa padera.

Kutsogolo kwake kuli maluwa a rozi, mitundu pafupifupi 100. Amachita kaso pakati pa Meyi komanso mu Okutobala, ndipo nthawi imeneyo anthu amakhala pikitipikiti, aliyense foni m'mwamba.

Ambiri amathera pomwepo, n'kulakwa. Tsikani masitepewo mpaka pansi. Kumeneko kuli munda wachijapani umene anakonza Ogawa Jihei wa ku Kyoto: dziwe lokumbidwa motsanzira chilembo chotanthauza mtima, nyali zamiyala, ndi mathithi ena opanda ndi dontho lomwe, miyala yokhayokha yoyalidwa ngati madzi akugwa. Phokoso la magalimoto limazilala, kumangomveka timiyala tikulira kunsi kwa nsapato. Kumapeto kwa Novembala masamba amafiira psuu.

Duwa musathothole, ngakhale likhale lokongola chotani. Zinyalala zanu bwererani nazo m'chikwama. Ndipo ngati mukufuna kukamwa matcha, tiyi wobiriwira waufa, m'kanyumba ka tiyi, yang'anani kaye masokosi anu musananyamuke, chifukwa pa tatami nsapato zimavulidwa. Langa linali lobooka pachala chachikulu.