Kupita ndi mphaka kokagona mu tenti ku Chintheche

Funso ndi lakuti: mukuchoka ku Mzuzu kukagona masiku awiri m'mbali mwa nyanja, kodi mphaka mungamutenge bwanji?

Yambani ndi kufunsa eni malo ngati amalola ziweto. Kenako katemera wa chiwewe akhale kuti anabayidwa kale, kukatsala masabata atatu kapena kuposa. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa mugule a amphaka okhaokha. A agalu, omwe muli mankhwala ophera tizilombo otchedwa permethrin, amapha mphaka: amayamba kunjenjemera, malovu chuchuchu, kenako kukomoka. Panado nayenso ndi poizoni kwa iye.

Kukatsala sabata, imikani tenti pabwalo, muikemo bulangete lomwe amagonapo. Muzolowetseni chomangira chodutsa pachifuwa, osati chingwe cha m'khosi, chifukwa amachivula mosavuta akadzidzimuka.

Tsiku la ulendo musam'dyetse maola atatu musananyamuke. Msewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay uli ndi makona ambiri, ndipo mphaka akakhuta akhoza kusanza. Akhale mu bokosi lotsekeka lokhala ndi mabowo a mpweya, pamthunzi. Osamusiya m'galimoto yotseka, makamaka mu Okutobala.

Mukafika, mutsegulireni bokosi zipi ya tenti mutatseka kale. Beseni la mchenga wouma loti azichitiramo chimbudzi likhale pakona, madzi ndi chakudya pakona ina. Chakudya chikhale chomwe anazolowera kunyumba, kusintha mwadzidzidzi kumatsegula m'mimba.

Madzulo ndi m'bandakucha asatuluke ndithu. Agalu a m'mudzi amayendayenda nthawi imeneyo, ndipo mphaka akathawira m'tchire lachilendo nthawi zambiri sabwera ngakhale muitane bwanji.