Driver ya NVIDIA ikakana kulowa pa Linux chifukwa mafayilo a kernel akusowa

Malangizo awa ndi a amene mukuika driver ya NVIDIA pa Linux pogwiritsa ntchito fayilo yothera ndi .run, ndiye ntchito ili mkati pulogalamu yaima n'kulemba kuti "Unable to find the kernel source tree for the currently running kernel". Tawalemba m'Chinyanja kuno ku Salima, kumene timakonza makompyuta a ojambula mavidiyo a maukwati, kuti athandizenso abale athu a ku Chipata, Katete ndi Lusaka.

Musafulumire kunena kuti khadi la NVIDIA, lija loonetsa zithunzi pasikirini, lapsa. Driver imeneyi ili ndi kachigawo kamene kamamangidwa pakompyuta yanu yomweyo kuti kagwirizane ndi kernel, yomwe ndi mtima wa Linux. Pomanga pamafunika mafayilo otchedwa kernel headers, ndipo akapanda kupezeka ntchito imaimira pomwepo.

Tsegulani terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, n'kulemba:

uname -r

Patuluka nambala yonga 6.8.0-45-generic. Ilembeni papepala, chifukwa nkhani yonse yagona pa nambala imeneyi. Ngati muli pa Ubuntu, Linux Mint kapena Debian, lembani:

sudo apt update
sudo apt install build-essential dkms linux-headers-$(uname -r)

Pa Fedora dzina lake ndi lina:

sudo dnf install gcc make dkms kernel-devel-$(uname -r)

Mukatero onani ngati mafayilowo afikadi pamalo pamene pulogalamu ya NVIDIA imawafunafuna:

ls /lib/modules/$(uname -r)/build

Mukaona Makefile ndi foda ya include, ndiye kuti zili bwino.

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Ma headers ayenera kufanana ndendende ndi kernel imene ikugwira ntchito nthawi imeneyo, osati yoyandikira, osatinso yatsopano imene yangolowa kumene. Mnyamata wina wojambula wa ku Senga Bay anabwera ndi laputopu atathera bandulo yonse kudawunilodi driver katatu, poganiza kuti fayilo yake ndi yowonongeka. Titalemba uname -r n'kuyang'ana mu /usr/src, manambala anasiyana kumapeto kokha. Anali atapanga update, kernel yatsopano n'kulowa limodzi ndi ma headers ake, koma laputopu sanaizimitse, moti inkayenderabe yakale. Tinangoiyambitsanso basi, driver n'kulowa. Choncho mukapanga update, yambitsaninso kompyuta musanakhudze driver, kenaka funsaninso uname -r. Pa Fedora zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa kernel-devel ya kernel yakale nthawi zina imakhala itachotsedwa kale kumene dnf imatenga mapulogalamu.

Ngati kernel munamanga nokha, uzani pulogalamuyo kumene kuli mafayilo ake powonjezera --kernel-source-path= kenaka njira ya fodayo.

Musanayendetsenso fayilo ya .run, letsani nouveau, driver yaulere imene imabwera ndi Linux, chifukwa ziwirizi sizingagwire khadi limodzi nthawi imodzi. Pangani fayilo /etc/modprobe.d/blacklist-nouveau.conf yokhala ndi mizere iwiri iyi:

blacklist nouveau
options nouveau modeset=0

Kenaka lembani sudo update-initramfs -u, kapena sudo dracut --force ngati muli pa Fedora, n'kuyambitsanso kompyuta. Ikadzuka, tsekani desktop ndi sudo systemctl isolate multi-user.target, lowani ndi dzina lanu pasikirini yakudayo, n'kuyendetsa fayilo ya NVIDIA polemba sudo sh kenaka dzina la fayiloyo. Chonde onetsetsani kuti batire ladzaza. Magetsi, amene anzathu a ku Zambia mumati malaiti, akazima driver ili theka, kompyuta ikhoza kudzuka sikirini ili bii.

Pulogalamu ikafunsa za DKMS, vomerani. Ndi imene idzamanganso kachigawo kaja yokha kernel ikasintha, bola ma headers atsopano akhalepo. Amene amagwiritsa ntchito Ubuntu timawalangiza kuti ayambe ayesa Additional Drivers, pulogalamu ya Ubuntu yoikira ma driver, popeza njira imeneyo imasamala yokha za kernel, ndipo ya .run ayisiyire pamene akufunadi driver imene kumeneko kulibe.

Zonse zikatha lembani nvidia-smi. Dzina la khadi ndi kutentha kwake zikaoneka, driver yalowa. Ikakanabe, onani ngati Secure Boot, chitetezo chimene chimagwira ntchito kompyuta ikamayaka, ili yoyatsa, chifukwa imatsekereza kachigawo kopanda siginecha, ndipo werengani mizere yomaliza ya /var/log/nvidia-installer.log, mmene pulogalamuyo imalemba pamene yakakamira.