Mmene mungafunsire agogo za Napolo ndi mizimu ya m'phiri la Mulanje

Ndaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri kuno ku Mulanje, ndipo chimandiwawa n'choti ana athu amatchula Napolo pokhapokha madzi akakokolola midzi. Agogo odziwa chiyambi cha nkhanizi akutha. Ngati muli ndi kope ndi foni yojambula mawu, ntchitoyi mungaigwire.

Ine nzeru ndinatengera kwa Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands, amene anabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 2011. Anakhala nthawi yaitali kuchigwa cha Shire akufufuza za Mbona, wopempha mvula wa Amang'anja, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Nkhani ya Mbona anaimva kwa anthu ambiri ndipo sinkafanana: akubanja la mafumu ankasimba mwina, osunga kachisi mwina, anthu wamba mwinanso. Iye sanasankhe imodzi n'kutaya zinazo. Ankayang'ana kuti wasimbayo ndani, nanga akuikira kumbuyo yani. Potero anatulutsa m'nthanozo mbiri ya ufumu wa Lundu wa cha m'ma 1600. Inunso muchite zomwezo.

Dzerani kaye kwa amfumu. Mukangotulukira pakhomo pa munthu ndi kope m'manja, adzakuyesani olemba mayina a makuponi a feteleza, ndipo adzayankha zokusangalatsani. Nyengo yabwino ndi Juni kapena Julayi, anthu atakolola, chiperoni chikuwaza, agogo ali phee pamoto. Othyola tiyi mudzawapeza Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi.

Tengani shuga, mchere ndi sopo. Ndalama musalonjeze, chifukwa nkhani yogula imadzala zokometsera. Agogo akakhala pamphasa, inu musakhale pampando. Lonjeranani mpaka moni athe, nenani kwanu ndi mfunda wanu, kenako pemphani: "Agogo, mungandilole ndijambule mawu anu kuti zidzukulu zidzamve?" Akakana, bwezani foni m'thumba, mumvetsere ndi makutu.

Pofunsa m'pamene ambiri amalakwitsa. Musati, "Kodi n'zoona kuti Napolo ndi chinjoka?" Mwawapatsa kale yankho. Nenani kuti, "Tandiuzeni zimene amayi anu ankanena za phirili," ndiye mukhale chete. Akasiya kulankhula n'kumasonkhezera moto, musathamangire funso lina. Mawu ozama amatuluka pamenepo. Gogo wina wa kufupi ndi Likhubula anakhala duu kwa kanthawi, akutembenuza mbatata paphulusa, kenako anayamba kusimba za chakudya chimene munthu amachipeza m'phiri chitakonzedwa kale, chimene uyenera kudya wekha osaitana mnzako. Ndikanamudula mawu sindikanazimva.

Chaka musawafunse. Funsani kuti zinachitika isanagwe njala ya 1949 kapena itapita, Kamuzu asanabwere mu 1958 kapena atabwera, madzi asanawononge ku Phalombe mu 1991 kapena pambuyo pake. Nthawi zonse onjezani funso ili: "Inu munamva kwa yani?" Woona ndi maso, womva kwa agogo ake ndi womva pa wailesi ndi anthu atatu osiyana. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zambiri za Napolo zasakanikirana ndi za pa wailesi, choncho funsoli musaliiwale.

Amayi muwafunse paokha. Pakakhala abambo amangovomera kuti "ee, n'momwemo," chonsecho nyimbo zopemphera mvula ndi za pamtondo amasunga ndi iwo. Mupitenso kwa mitundu yosiyana. Mmang'anja, Myao ndi Mlomwe amene makolo ake anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi sangasimbe za Sapitwa kapena za Dziwe la Nkhalamba mofanana. Zikasiyana, lembani zonse, iliyonse ndi mwini wake, mudzi wake ndi tsiku. Mawu a Chilomwe asiyeni m'Chilomwe momwemo, tanthauzo mulembe pambali. Zimene akuuzani kuti n'zachinsinsi, monga za kuchinamwali, zithere pomwepo.

Lembani usiku womwewo, ndipo mawuwo muwasunge pawiri. Ine ndinajambulapo gogo wina panja kukuomba mphepo, osayesa kaye foni. Nditafika kunyumba munali phokoso lokhalokha. Ndinati ndidzabwerera mvula ikatha, koma ndinakapeza atamuika kale m'manda. Chiyambire pamenepo ndimajambula kamphindi kamodzi, n'kumvetsera limodzi ndi agogowo, tisanayambe.

Pakatha sabata ziwiri bwererani mukawawerengere zimene mwalemba. Adzakukonzani dzina la mtsinje, adzakumbuka nyimbo imene anaiwala, ndipo kawirikawiri adzakulozerani khomo lina kuti, "Pitani kwa achemwali anga kutsidyako, iwo ndiwo amadziwa bwino."