Kamatidwe ka kapeti mu cab (mokhala dalaivala) ya lole yakale

Bambo wina wogulitsa guluu ndi makapeti a galimoto ku Chipata anandituma kuti ndilembe m'Chinyanja malangizo amene amabwera pa katundu wakeyo, kuti makasitomala a ku Katete, Petauke mpaka Lusaka azimva bwino. Ine ndili ku Salima kuno, ndiye ndikamati galimoto pomwe inu mumati motoka timvana ndithu achimwene. Pena ndatsata pepala ndendende, pena ndaonjezera zomwe ndaona pa malole a Canter ndi a Dyna onyamula nsomba ku Senga Bay.

Zochotsa mipando, malamba ndi kapeti yakale sinditayapo nthawi, aliyense wogwira sipanala amadziwa. Mabawuti okha asungeni m'chitini asasowe.

Pepala likuti: "Malo omatapo akhale oyera, ouma, opanda mafuta, fumbi kapena dzimbiri." Ndi chiganizo chimodzi koma theka la ntchito lili pamenepa. Mukasendula kapeti ya lole yoti yayenda zaka 20 mupeza mchenga, oilo wodontha pansi pa kilatchi, ndi dzimbiri m'makona momwe madzi amakhazikika nthawi ya dzinja. Palani ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, ngati pabooka pitani kwa owotcherera kaye guluu asanafike pafupi chifukwa ameneyu amayaka ngati petulo. Pakani red oxide, penti yoteteza chitsulo ku dzimbiri, iume bwinobwino. Popukuta gwiritsani ntchito thinala, palafini ndi dizilo ayi, zimasiya mafuta ndipo guluu sagwira olo mupake chitini chonse.

Mawu a papepalalo oti contact adhesive anandivuta. Ndingoti ndi guluu wa mtundu uja amagwiritsa ntchito osoka nsapato, wopaka mbali zonse ziwiri, kuseri kwa kapeti ndi pa chitsulo, kenako n'kudikira. Pepala likuti dikirani mphindi 10 mpaka 15 kufikira guluu akhale tacky. Mawu amenewa tilibe, ndiye chitani chonchi: khudzani ndi kuseri kwa chala, azimveka kunata ngati ulimbo koma asatsalire pachalapo. Kuno kunyanja mu Okutobala amafika pamenepo mphindi 10 zisanakwane, ndipo ndikhulupirira ku Luangwa n'chimodzimodzi, choncho dalirani chala kuposa wotchi ndipo gwirirani ntchito pamthunzi, m'mawa.

Guluuyu zikangokhudzana basi zagwirana, simungasunthenso. N'chifukwa chake yalani kapeti kaye popanda guluu, chongani ndi choko pa giya, pa handibuleki ndi pa mabawuti a mipando, dulani kamtanda kakang'ono osati bowo lalikulu. M'mbali siyani masentimita 3 otsala, mudzadula pomaliza ndi mpeni wakuthwa. Kumata yambani pakati kupita kuzitseko, pang'onopang'ono, mukukanikiza ndi chikhatho kapena botolo.

Apa pali chomwe pepala silinanene. Canter, Dyna ndi Isuzu Elf injini ili pansi pa mpando, pa malole ena pali chivindikiro chomwe makaniko amatsegula. Musayale kapeti imodzi kudutsa pamenepo, dulani chidutswa chakechake cha pachivindikiro, ndipo guluu wake akhale wolembedwa high temperature, kutanthauza wopirira kutentha kwambiri. Wamba amafewa ndi kutentha kwa injini. Ine ndinamatapo ndi wamba mu Dyna ya malume anga, ulendo umodzi wokatenga mpunga ku Nkhotakota mu msewu wa M5 pobwerera kapeti inali itatukuka, guluu akunata ku nsapato.

M'mphepete guluu yekha sakwanira, pamafunika zomwe pepala likuti trim clips, timakilipi ta pulasitiki tokhala ndi mano ngati minga ya nsomba, tolowa m'bowo koma osatuluka. Makilipi akale musabwezeretse, dzuwa linawaumitsa ndipo amathyoka. Poboola kapeti tenthetsani msomali pamoto n'kulasa, bowo limakhala losalala ulusi osasosoka. Drill, makina oboolera aja, imakulunga ulusi n'kukoka mzere wonse. Kachitsulo ka pakhomo kaja kopondapo pokwera ndi komwe kamapana mapeto a kapeti, ngati kanatayika tengani kachidutswa ka aluminiyamu mumange ndi masikuluu aafupi. Koma chonde musanaboole pansi, lowani kunsi kwa lole ndi tochi muone pomwe padutsa mapaipi a buleki, a mafuta ndi mawaya. Sikuluu imodzi yaitali itha kulasa paipi ya buleki inu osadziwa.

Chenjezo monga lalembedwera: "Gwiritsani ntchito pamalo opita mphepo. Musasute fodya kapena kuyatsa moto pafupi. Sungani kutali ndi ana. Lolani maola 24 kuti guluu alimbe." Zitseko zonse zikhale zotsegula, mu cab ndi mochepa ndipo fungo lake limachititsa chizungulire msanga, mukamva mutu tulukani kaye.

Musanalize injini khalani pampando, pondani kilatchi, buleki ndi moto mpaka pansi kangapo. Kapeti ikakhudza pedulo ngakhale pang'ono dulani, ndipo pamenepo ikani makilipi awiri owonjezera. Mabawuti a mipando ndi a malamba akhale pa chitsulo penipeni, dulani kapeti mozungulira, chifukwa ikapanikizika pansi pa bawuti imaphwa pakapita miyezi ndipo bawutiyo imayamba kugwedera.